Coast rosemary wa pa nazale ya kumsewu: mbande gulani, koma pobzala muimepo nokha

Ngati mukufuna mpanda wa zomera umene sudzakulizani ndi madzi mu Okutobala, chitsamba chotuwa chotchedwa coast rosemary ndi chogula ndithu. Ngati mukufunanso kuti anyamata a pa nazale imene ndinagulako ine abwere kudzakubzalirani, tsiku limenelo musapite kulikonse. Tulutsani mpando, mukhale pambali pawo mpaka akwirire dzenje lomaliza. Mbande zawo n'zabwino, amayi eni nazaleyo ntchito yawo amaidziwa, koma kabzalidwe ka anyamata awo kanandiphera mbali ina ya mpanda.

Kwathu ndi ku Katete, koma ana onse ndalelera mu Lusaka muno, ndipo pano ndikukhala ku Chalala. Kunja kwa khoma la puloti yanga kuli kamalo kotalika, pakati pa khomalo ndi msewu wafumbi, kamene dzuwa limawomba kuyambira m'mawa mpaka kulowa. Kwa zaka zambiri panali duranta wachikasu uja amene mumamuona pafupifupi pa geti lililonse. Duranta alibe mlandu mvula ikamagwa bwino. Amakula msanga, amamvera sizasi, mbande zake n'zotchipa. Chinamuyalutsa ndi chaka cha 2024. Mvula inadula pakati pa dzinja, mpaka pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko lonse. Madzi ku damu la magetsi la Kariba anatsika, malaiti anayamba kupita maola ambirimbiri, ndipo ife odalira borehole tinaona kuti pampu yopanda malaiti ndi chitsulo chabe. Timadzi tochepa tofika m'thanki tinali tophikira, tosamba ndi ta kuchimbudzi. Ndani akanatunga ndowa yodzaza n'kukathira kumsewu? Pofika Okutobala duranta anali atayoyola masamba ambiri, m'munsi mwake mukuoneka timitengo tokhatokha. Ndinaganiza zomuzula n'kufuna china chopirira.

Nazale imene ndikunenayi ndi imodzi mwa zija zondandalika m'mbali mwa msewu mukamalowera cha ku Leopards Hill. Ilibe chikwangwani chachikulu. Pali shedi ya neti yobiriwira, madiramu a madzi, mulu wa dothi lakuda, ndi machubu akuda ataliatali m'mizere. Mitengo ya zinthu sinalembedwe paliponse, ndiye mukudziwa kale kuti galimoto imene mwabwera nayo imalankhula inu musanatsegule pakamwa. Ine ndinatsika patali pang'ono n'kufika wapansi.

Woyamba kundilandira anali mnyamata wina wochangamuka pakamwa. Nditaloza tizitsamba totuwa tinali kumapeto kwa mzere, iye osachedwa: "Ni rosemary iyi amai, mungaike na mu nkhuku." Amayi eni malo anali chapatali akudzaza machubu, koma anamva. Anadzuka akupukuta manja pa chitenje n'kumudzudzula pomwepo kuti asanamize makasitomala. Kenako anathyola kansonga, n'kundipatsa kuti nditikite ndi zala ndinunkhize. Panalibe fungo lililonse lodziwika. Anathyolanso kansonga ka rosemary weniweni amene anali mzere wina, ndipo uyo fungo lake linatsala m'manja mpaka kunyumba. "Uyu ndi wa mumphika, uyu ndi wa mpanda," anatero. Apo ndinadziwa kuti pa nazale iyi wofunsa ndi amayiwo, osati aliyense wovala magambutsi.

Zomera ziwirizi zimafanana masamba, komanso zili m'banja limodzi ndi timbewu tonunkhira tija timati minti, koma kwawo n'kosiyana kwambiri. Rosemary wophikira ndi wa kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Coast rosemary, amene m'mabuku ndi Westringia fruticosa, kwawo ndi kugombe la kum'mawa kwa Australia, makamaka ku New South Wales, kumene amamera pamiyala ndi pamchenga moyang'anana ndi nyanja, akuwombedwa ndi mphepo yamchere. Dzina loti Westringia linaperekedwa mu 1797 polemekeza dokotala wa ku Sweden, Johan Peter Westring. Mukadziwa kumene anachokerako, zonse za kasamalidwe kake zimamveka zokha: anazolowera dzuwa, mphepo, dothi losauka, ndi madzi amene amadutsa osaima.

Muyang'anitsitse tsamba lake. Ndi laling'ono, lotalika pafupifupi masentimita 2, ndipo masambawo amatuluka anayianayi kuzungulira kamtengo. M'mphepete mwake ndi mopindikira pansi, kunsi kwake kuli tiubweya toyera. Kapangidwe kameneka ndi kamene kamachepetsa madzi otuluka m'tsamba kukatentha, n'chifukwa chake chitsambachi chimaoneka chotuwa chonchija ndipo sichifota msanga. Maluwa ake ndi ang'onoang'ono, oyera kapena otuwira mofiirira pang'ono, okhala ndi timadontho pa mlomo wam'munsi.

Za mtengo wa mbande, musayembekezere zotchipa. Ndalama ya chubu limodzi la coast rosemary inali yokwanira machubu atatu a duranta. Tinanenerera, ananditsitsira pang'ono chifukwa ndinkatenga zambiri, koma osati kwenikweni. Amati chomerachi chimachedwa pa nazale ndipo si nthambi zonse zimene zimagwira. Pambuyo pake, nditayesa kufesa zanga, ndinaona kuti sankanama.

Chimene ndinawayamikira kwambiri ndi ichi. Maso anga anali pa mbande zikuluzikulu zofika m'mawondo, poganiza kuti mpanda udzatseka msanga. Amayi aja anakana. Anatenga chubu limodzi lalikulu, n'kuling'amba pamaso panga. Mizu inali itazungulirazungulira pansi n'kupotana ngati nkhata, yolimba, dothi litatsala pang'ono. Anati mbande yotere yakhalitsa m'chubu, mukaibzala imangoima chaka chonse osasuntha, ndipo mphepo ikabwera imagwedezeka chifukwa mizu sinaphunzire kutuluka kunja. Anang'ambanso kachubu ka mbande yaing'ono, yotalika ngati chikhatho ndi theka, ndipo mizu yake inali yoyera, yanthete, yongofika kumene m'mbali. Anandisankhira zoterozo, ngakhale zinali zotsika mtengo kuposa zazikulu zija. Wogulitsa wodzichepetsera yekha phindu chonchi sapezeka kawirikawiri m'misewu yathuyi. Inunso mukapita, pemphani akung'ambireni chubu limodzi. Akakana, pitani pa nazale yotsatira.

Vuto linayamba pa nkhani yobzala. Ndinalipira kuti abweretse mbande ndi kubzala, chifukwa msana wanga sulolanso kugwira piki. Tinagwirizana tsiku, mvula yoyamba itagwa kale mu Novembala. Anafika mochedwa, ndipo pamene ndinkabwerako kumene ndinapita, anali atayamba kale ntchito kuchokera kumunsi kwa puloti. Anabwera ndi matumba a dothi lakuda lija la kudambo ndi manyowa a nkhuku, zimene sindinaitanitse koma zinalembedwa pa bilu. Kabzalidwe kawo kanali kamene amachita pa chomera chilichonse, kaya ndi mapapaya kaya ndi maluwa a rozi: kukumba dzenje lakuya, kutaya katondo yense kumbali, kudzazamo dothi lakuda losakaniza ndi manyowa ambiri, kuika mbande mozama, kenako kupanga beseni lozungulira kuti madzi azikhalamo. Pomaliza n'kunena kuti muzithirira m'mawa ndi madzulo.

Kwa masamba a m'dimba malangizo amenewa ndi abwino. Kwa chomera cha pamiyala ya kunyanja ndi imfa. Dothi la ku Chalala pamwamba limaoneka lofewa, koma mukatsika pang'ono mumapeza katondo wolimba, penanso mwala. Mukakumba dzenje m'dothi lotere n'kudzazamo dothi lonyata, madzi amalowa mosavuta koma alibe kotulukira. Amangokhala pansi pa dzenje, mizu ili m'katimo, yopanda mpweya. Lusaka amalandira mvula yopitirira mamilimita 800 pachaka, ndipo pafupifupi yonse imagwa pakati pa Novembala ndi Malichi. Tonse timadziwa mmene ku Kanyama ndi ku Chawama madzi amaimira mu Januwale. Zomwezo zimachitika m'kadzenje ka mbande yanu, kungoti simuziona.

Ndinawaimitsa. Mnyamata wamkulu pagulupo sanasangalale. "Amai, ise tichita izi daily," anatero, nkhope itakwinyika. Ndinamuuza kuti puloti ndi yanga, ndalama ndi zanga, ndipo mbali yotsalayo abzale mmene ndikufunira. Tinakweza mzere ngati wa mbatata koma wotambalala, wotalika pafupifupi masentimita 20, tinasakaniza dothi la pamalo pomwepo ndi mchenga wa kumtsinje umene unatsala pomanga, n'kuwazamo kompositi wakupsa pang'ono chabe. Mbande iliyonse inakhala pamlingo womwe inali m'chubu, osakwirira tsinde ngakhale pang'ono, motalikirana masentimita 70 mpaka 80. Manyowa a nkhuku anapita ku dimba la repu. Za kumunsi zija, zimene anali atabzala kale, anaumirira kuti zisazulidwe, akuti zikavutika adzabweza okha. Ndinawasiya kuti tione.

Mvula ya Januwale ndi Febuluwale ndiyo inaweruza mlanduwo. Za pamzere zinkatulutsa nsonga zatsopano zoyera. Za m'mabeseni zinayamba chikasu kuchokera m'munsi, kenako kufota dothi lili chinyowere. Chizindikiro chimenechi muchisunge: coast rosemary akafota pamene pansi pali ponyowa, si ludzu ayi, mizu yawola, ndipo kuthira madzi ena n'kumumaliza. Nditazula imodzi, tsinde linali lakuda pamene limakumana ndi dothi, mizu yabulauni, yoterera, yonunkha. Zambiri za mbali imeneyo zinafa. Zinapulumuka ndi zochepa zimene zinali pamalo okwererako.

Ndinatenga zouma zija m'thumba n'kubwerera nazo ku nazale. Poyamba amayi aja anayesa kunena kuti mwina ndi chiswe. Ndinawaonetsa mizu. Anaiyang'ana, anainunkhiza, osanenanso kanthu, n'kuitana mnyamata uja. Zimene anamuuza sindilemba pano. Anandipatsa mbande zina, theka mwaulere, theka pa mtengo wotsika. Sindinganene kuti ndinakhutira kotheratu, chifukwa lonjezo linali lobweza zonse, komanso ndalama ya dothi lakuda ija sinabwerere. Komabe sanandithawe, sanazimitse foni, ndipo ndikaganiza za ena amene ndinachitapo nawo malonda mu tauni muno, izi n'zowerengeka. Chondidabwitsa n'chakuti iwo eni amadziwa bwino kuti chomerachi chimadana ndi madzi oima, popeza machubu ake pa nazale amadzazamo dothi lamchenga ndipo amawaika kunja kwa shedi. Nzeruzo sizinafike kwa anyamata amene amawatuma m'makomo mwa anthu.

Tsopano za mmene chomerachi chakhalira kwa ine. Miyezi yoyamba mvula itatha ndinkathirira kawiri pa sabata, madzi ambiri nthawi imodzi kuti atsike pansi, osati kuwaza pamwamba. Mizu itakhazikika ndinachepetsa kwambiri. M'chisanu cha Juni ndi Julayi pafupifupi osathirira n'komwe, ndipo kuzizira kwa m'mamawa kuja sikunawachite kanthu masamba. Mu Okutobala, pamene kapinga wa aneba anali atapserera, ndinkathira kamodzi pakapita masabata awiri, nthawi zina ndi madzi otsukuluzira zovala omaliza aja opanda sopo wambiri. Sanafote.

Pali ubwino wina umene sindinauganizire pogula. Mphepo ya Ogasiti ikayamba kunyamula fumbi la mumsewu, chomera chilichonse chobiriwira chimaoneka chauve mpaka mvula idzagwe. Uyu poti ndi wotuwa kale, fumbi silimuonekera kwenikweni. Chimodzimodzinso madzi athu a borehole. Mzinda uno unakhala pa mwala wa laimu, n'chifukwa chake ketulo imachita zoyera m'kati, ndipo madzi amenewa amasiya madontho oyera pa masamba onyezimira. Pa coast rosemary simuwaona. Ngakhale zili choncho ndimathira pansi, osati pamasamba.

Maluwa amabwera apo ndi apo chaka chonse, koma amachuluka cha mu Seputembala, nthawi imene jakaranda akuchita maluwa m'misewu ya m'tauni. Musayembekezere chionetsero. Munthu wodutsa pa galimoto sangawaone, ndi oti uime pafupi. Njuchi zokha ndi zimene sizichedwa kuwapeza, makamaka m'mawa. Amene mumakonda mitundu yowala ya bougainvillea, uyu akukhumudwitsani. Mlamu wanga atabwera kuchokera ku Chipata anafunsa ngati mpandawo ukudwala.

Kudulira ndi kumene muyenera kukambirana bwino ndi wokuthandizani pakhomo. Mnyamata amene amandisamalira pabwalo anazolowera duranta, amene ungamudule ndi chikwanje mpaka pansi n'kuphukanso. Coast rosemary sakonda zimenezo. Mukadula mpaka kufika pa mtengo wakale wopanda masamba, kawirikawiri pamatsala dazi nthawi yaitali, penanso osaphukanso. Amafuna sizasi yakuthwa, kumeta nsonga zokha, pang'onopang'ono koma kawirikawiri, kuyambira akadali wamng'ono kuti achite nthambi zambiri m'munsi. Kumeta kwakukulu ndimachita maluwa a Seputembala akatha, osachotsa kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake. Pansi pazikhala potambalala kuposa pamwamba kuti dzuwa lifike masamba a m'munsi. Mukamusiya osamukhudza amatha kufika mamita awiri kutalika n'kutambalala kuposa pamenepo, m'kati mwake mukungokhala timitengo touma. Ndiye ngati malo anu ndi opapatiza, dziwani kuti sizasi idzakhala bwenzi lanu. Komabe ntchito yake siifika pa ya duranta, amene m'dzinja amafuna kumetedwa pafupifupi sabata ndi sabata.

Feteleza sindithira. Kompositi pang'ono mvula ikamayamba, basi. Ndimaphimbira pansi ndi udzu wouma m'chilimwe, koma ndimausiya patali ndi tsinde chifukwa cha chiswe ndi chinyezi, ndipo mvula ikakhazikika ndimauchotsa. Tizilombo sindinaonepo tovutitsa.

Zofooka zake ndinene mosabisa. Amachedwa. Chaka choyamba mpanda umakhala ndi mipata, anthu n'kumakufunsani ngati ndalama zinathera panjira. Alibe minga, ndiye si mpanda woletsa wakuba kapena galu, ndi wokongoletsa ndi kutchinga fumbi chabe. Mthunzi samafuna: ziwiri zimene zinagwera pansi pa nthambi za mango zinatalika monyozoloka, masamba apatalipatali, maluwa osaoneka. Ndipo ngati puloti yanu ili kumalo kumene madzi amaima m'dzinja, musavutike kubzala pansi. Muikeni mu mphika waukulu wobowoka bwino, kapena pa bedi lokwezedwa ndi njerwa.

Chinanso chimene nazaleyi ikuperewera ndi mayina a mitundu. Kunja kuno coast rosemary ali ndi mitundu yosankhidwa yosiyanasiyana. Pali Wynyabbie Gem wa maluwa ofiirira motuwa amene amakula msanga n'kutalika, pali Mundi amene amayala pansi osakwera, palinso Morning Light wa masamba okhala ndi mzere woyera m'mphepete. Pa nazale paja amangoti "wa white" ndi "wa purple". Kusiyanaku si kwa maluwa okha, chifukwa wina amafika m'chiuno, wina amapitirira mutu, ndiye mukasakaniza mumzere umodzi mpanda umatuluka wamabampu. Njira yake ndi kupempha kuti akuonetseni chitsamba chachikulu chimene amadulako nthambi zofesa. Amayi aja ali nacho kuseri kwa shedi, ndipo atandionetsa ndinadziwa msinkhu umene ndikugula. Onetsetsani kuti mbande zonse zachokera ku chitsamba chimodzi.

Kufesa kwake anandiphunzitsa ndi iwo omwe, mosabisa, ngakhale akudziwa kuti ndikadziwa sindidzagulanso zambiri. Mumadula nsonga yotalika masentimita 8 mpaka 10, yosakhwima kwambiri komanso yosakhala yanthete zedi, ija ikapindidwa imalimbalimba. Mumachotsa masamba a m'munsi, n'kuzika mu mchenga wa kumtsinje wonyowa, pamthunzi wowala, mutavindikira ndi botolo la pulasitiki lodulidwa. Mchengawo uzikhala wachinyezi, osati wonyowa chonyowa. Pakapita masabata angapo, mukakoka pang'ono n'kumva kuti yagwira, mizu yatuluka. Zina zimauma, musadabwe, ingofesani zambiri kuposa zimene mukufuna. Kwa ine zinagwira bwino ndi za kumapeto kwa dzinja, cha mu Malichi ndi Epulo. Choncho ngati thumba ndi lopepuka, gulani zochepa, mudikire chaka, mpanda wotsalawo mudzadzipangira nokha.

Nthawi yobzala, ine ndingasankhe kumapeto kwa mvula, dothi likadali ndi chinyezi koma mvula yamkuntho itadutsa, malinga ngati muli ndi madzi othirira miyezi yoyambayo. Ngati mulibe, bzalani mu Novembala koma pamzere wokwezedwa. Ku nazale pitani m'mawa pakati pa sabata, chifukwa Loweruka kumadzaza ndipo amayi aja sapeza mpata wocheza ndi munthu mmodzi. Amalandira ndalama pa foni. Mugwirizane mtengo wa thiransipoti ndi wobzala musanachoke, ndipo munene momveka kuti dothi lakuda ndi manyowa simukufuna, apo ayi mudzazipeza pa bilu. Mchenga wa kumtsinje sagulitsa, ndiye muugule kwa ogulitsa mchenga womangira, ukhale uli pakhomo anyamatawo asanafike.